Ng'azi ndi Bwato la Katumbu

Padangokhala Ng'azi. Vomerani kuti tili tonse, kaya simuvomera, ine ndinena basi. Ndayamba ndi dzina la Ng'azi mwadala, chifukwa ndi iyeyo amene analanda Katumbu bwato, ndipo sindifuna kuti pofika kumapeto wina adzanene kuti dzinalo sanalimve bwino.

Katumbu anali wopalasa bwato pamtsinje. Mufunsa kuti katumbu wodziwa kusambira, bwato n'lachiyani? Silinali loti azikweramo yekha ayi. Ankawolotsa anzake osadziwa madzi: a Mbuzi popita kudimba, a Nkhuku popita kumaliro, a Fulu ndi nyumba yawo ya pamsana. Ankamupatsa mbatata, tsiku lina chinangwa, tsiku lina zikomo wopanda kanthu. Bwatolo anasema yekha. Mtengo wa mbawa, miyezi isanu, kasemasema m'manja mpaka matuza kuphulika ndi kumeranso. Analibe munda, analibe khola. Ana ake ankadya zimene bwato labweretsa. Chake padziko pano chinali chimenecho basi.

Ng'azi analibe ntchito. Anali ndi chipewa. Tsiku lina anachivala, n'kukaima padoko, n'kudzitcha kapitawo wa padoko. Popeza palibe anamufunsa kuti wamusankha ndani, ukapitawo uja unakhazikika.

"Alamu!" anaitana Ng'azi m'mawa wina. Chilamu chimenecho sichidziwika kumene chinachokera. Panalibe mlongo wa wina amene anakwatiwa ndi wina.

"Ee, a kapitawo," anayankha Katumbu.

"Mwapalasa zaka zingati?"

"Sindiwerenga."

"Nanga mwapata chiyani? Mbatata zoola? Mumawolotsa amphawi, n'chifukwa chake nanunso muli mphawi. Akuluakulu safuna kuwoloka, alamu. Tsidya lino ali nazo zonse, tsidya linalo akatengeko chiyani? Iwo amafuna kungoyenda."

"Kuyenda kupita kuti?"

"Osapita kulikonse. Kungokhala m'bwato, mwendo pamwamba pa unzake, madzi aziwatenga pang'onopang'ono, aziona milu ya mchenga ndi mbalame. Dzuwa likapendeka abwerere pomwe anakwerera."

Katumbu anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu kukwera bwato kuti akatsikire pomwe anakwerera? Ameneyo ngwodwala."

"Ngwolemera, alamu. Inu matenda amenewo simungawadwale. Tamverani: ine ndizibweretsa alendo, inu muzipalasa. Zimene apereke m'dengu n'zanu zonse. Ine ndizingotenga zikomo."

Apa mpamene Katumbu akanadabwa. Ng'azi wa kuti amene amakhuta zikomo? Koma kunyumba ana anali atagawana mbatata imodzi dzulo lake, ndiye anavomera.

M'mawa mwake Ng'azi anafika ndi alendo awiri. Sanali alendo wamba. Anali Bwana Nyalugwe, woweruza milandu wa dziko lonselo, ndi mkazi wake amene aliyense ankamutcha Dona. Anabwera ndi mkeka, mtsamiro, ambulera ndi chipanda cha thobwa. Katumbu anagwada n'kupereka moni. Palibe anayankha.

"Bwatoli likununkha nsomba," anatero Dona.

"Ndi fungo la mtsinje limenelo, Dona," anayankha Ng'azi. "Alendo ena amachita kulipempha."

Anakwera. Ng'azi kumutu kwa bwato, alendo pakati, Katumbu kumbuyo ndi nkhafi yake.

Tsono pamtsinje pali malamulo awiri amene wopalasa aliyense amawadziwa asanamere ndevu. Loyamba: mwini bwato satsika m'bwato muli alendo. Likaima, amazika nkhafi pansi n'kuigwira zolimba kuti madzi asalitembenuze. Lachiwiri: nyimbo ya m'bwato amaiyambitsa ndi wogwira nkhafi, enawo amangovomera. Ng'azi ankawadziwa onse awiri. Padoko paja sankangoima chabe, ankaonerera.

Anafika pa mulu woyamba wa mchenga, kwawo kwa a Tsekwe. Inali nthawi yofungatira mazira, ndipo atsekwe onse anali phee pa zisa zawo kuseri kwa muluwo.

"Mbalame zake zili kuti?" anafunsa Dona. "Ine ndikungoona mchenga. Mchenga uliponso kwathu kuseri kwa bafa."

"Kapitawo," anatero Nyalugwe osatembenuka, "unandiuza za mbalame."

"Zimafuna kuitanidwa, bwana. Alamu, kochezani apa. Nyimbo ija."

Nyimboyo inali yakale, yopalasira, imene Katumbu anaimva kwa bambo ake. Koma m'mawa umenewo Ng'azi anali ataichotsa mawu ake n'kuikamo ena. Mawu atsopanowo ankatchula mbalame dzina, n'kuyamikira mapiko ake, n'kuiuza kuti akuluakulu achokera kutali kudzaiona. Pothera pake ankanyoza aliyense amene angakhalebe pansi, kuti ndiye kuti nthenga zake zinathothoka ndipo akubisa manyazi. Pamenepo mpamene alendo ankavomera, kubwereza mawu onyozawo, akuomba m'manja.

Katumbu anazika nkhafi, n'kuyamba. Anali ndi mawu, izi zokha tisamunamizire. Ataimba kamodzi kunali zii. Ataimba kachiwiri, mutu wa tsekwe unasuzumira pamwamba pa mchenga. Kachitatu, pofika pa nthenga zothothoka paja, atsekwe onse anadzambatuka, amuna ndi akazi omwe, n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa bwato, aliyense kutambasula mapiko kuti aonedwe kuti zake zilipo.

"Onani! Onani uyo!" anakuwa Dona, ambulera itagwera m'bwato.

Ng'azi anagwira pamimba. "Bwana, pepani, thobwa lija landipeza. Ndione kuseriku pang'ono. Alamu, musaleke nyimbo, mungakhumudwitse Dona."

Anatsika n'kuzungulira mulu uja. Kuseriko zisa zinali yasa, mazira ali ofunda. Ng'azi sanali wakuba wopusa. Sankamaliza chisa. Pa mazira asanu ndi limodzi ankameza awiri, n'kupita pa chisa china. Pobwerera ankayenda akufufuta mapazi ake ndi mchira, moti pamchenga pankangotsala mzere umodzi.

Anakwera m'bwato akunyambita milomo. "Tiyeni, alamu."

Madzulo ake Nyalugwe anasiya padoko dengu la chimanga ndi ntchafu ya mbawala. Kwa Katumbu kunadyedwa. Mkazi wake anati, "Alamu anuwo Mulungu awadalitse." Kumulu kuja Mayi Tsekwe anawerenga mazira ake kawiri n'kunena kuti akusowa. Mwamuna wake anati, "Inu kuwerenga kunakulakani kale." Nkhani inathera pomwepo.

Patapita masiku atatu Dona anafunanso ulendo. Ulendo uno anapitirira mpaka pa mulu wachiwiri, kwawo kwa a Vuwo, mbalame zikuluzikulu za thumba kukhosi.

"Izi ndiye n'zaulesi, Dona," anatero Ng'azi. "Koma nazonso zili ndi manyazi. Alamu, kochezani. Nyimbo ija, mungosintha dzina."

Katumbu anazika nkhafi n'kuimba. Anatchula Vuwo, anayamikira mapiko, anauza za akuluakulu ochokera kutali, ndipo pofika pa nthenga zothothoka Nyalugwe weniweniyo anavomera ndi mawu ake a besi, akugunda mkeka. A Vuwo anadzuka molemera, mmodzimmodzi, mpaka onse anali m'mwamba.

"Bwana," anatero Ng'azi atavula chipewa, "pakhomo pa eni sitingoima osanena odi. Ndipite ndikapereke ulemu kwa agogo awo amene sangathe kuuluka."

"Uyu ndiye analeredwa," anatero Dona kwa mwamuna wake. "Osati winayu, angoti kukamwa yasa."

Ng'azi anapita. Anachedwako kuposa tsiku lija. Katumbu anaibwereza nyimboyo mpaka pakhosi kuwawa.

Tsono wopalasa saona ndi maso okha. Amaona ndi nkhafi. Ng'azi atangoponda m'bwato, Katumbu anamva m'manja mwake kuti mutu wa bwato wamira ndi zala ziwiri. Anakankha, bwato linakana pang'ono lisanayende.

"A kapitawo, mwalemeratu."

"Ndi ulemu, alamu. Andilandira bwino."

Alendo atapita, Katumbu anamuimitsa padoko. "Munatsika wopepuka, mwakwera wolemera. Mwadya chiyani kumene kuja?"

"Iii, alamu, mwayamba kuyeza mimba za akapitawo? Dengu lanu ilo. Lanyamuleni, ana akudikira."

Katumbu ananyamula dengu. Ananyamula ndithu, ndisabise. Koma m'mawa mwake, akuwolotsa a Mbuzi, anamva kulira kuchokera kumunsi kwa mtsinje.

"Kwagwa maliro?" anafunsa.

"Simunamve?" anatero a Mbuzi. "Mazira a Vuwo asowa dzulo. Iwo aja amaikira awiri okha, ndiye likasowa limodzi sungati ndawerenga molakwa. Atsekwe nawonso ayamba kunena kuti awo anasowa."

Katumbu anakumbukira kulemera kuja kwa Ng'azi. Anapalasa mpaka kutsidya.

Tsiku la ulendo wachitatu analawirira padoko n'kumuuza Ng'azi maso ndi maso. "Lero sindipita. Ndadziwa zimene mumachita kuseri kwa mchenga."

"Mwadziwa? Zikomo, mwachita bwino. Nanga bwana ndikawauze kuti chiyani?"

"Muwauze kuti bwato likuchucha."

"Awo akubwera apowo. Auzeni nokha, muwaonetsenso pochuchapo."

Nyalugwe anafika, sanafunse kanthu, anangokwera n'kukhala pa mkeka wake. Dona anatambasula ambulera. Katumbu anatola nkhafi yake. Anapalasa.

Mulu wachitatu unali kwawo kwa a Fulagombe, timbalame tofiira timene timakumba mauna mumchenga n'kuikira mazira m'katimo. Katumbu anakocheza, anazika nkhafi, n'kukhala chete.

"Nyimbo, alamu."

"Pakhosi pandiuma."

"Bwana," anatero Ng'azi mwachisoni, "ndichita manyazi kunena. Akuti dengu lija linachepa. Akuti mawu awo si a chimanga."

"Sindinatero ine!"

Nyalugwe sanakwiye. Anangotambasula dzanja n'kuliika pamphepete pa bwato. Zikhadabo zinatuluka, n'kukanda mtengo wa mbawa uja pang'onopang'ono, mizere inayi.

"Iwe. Imba."

"Bwana, nyimboyi ili ndi..."

"Ndati chiyani?"

Katumbu anaimba. Anaimba akudziwa. Anatchula Fulagombe, anayamikira mapiko, ananama za akuluakulu odzaona, ndipo pofika pa nthenga zothothoka mawu ake anasweka, koma alendo anavomera mokweza moti palibe anamva. Timbalame tija tinatuluka m'mauna ngati utsi, kumwamba konse psuu. Dona anaimirira m'bwato mpaka linapendama.

"Ndikufuna nthenga imodzi! Ya pachipewa changa!"

"Ndikakutolereni, Dona," anatero Ng'azi, ali kale pamchenga.

Ulendo uno sanasamale. Mauna sungawabere mwaulemu, umachita kukumba. Anakumba, anagumula, anameza. Koma popeza wopalasa uja anali atadziwa, Ng'azi anachitanso china. Anavula chipewa n'kudzazamo mazira. Pobwerera anafufuta mapazi ndi mchira monga kale.

"Nthenga nayi, Dona. Komanso kamba wa paulendo. Mazira a nkhunda zanga za kunyumba, ndinawakwirira mumchengamu dzulo kuti azizire."

"Tating'ono bwanji! Tokongola!"

Kaya anakhulupirira, kaya sanakhulupirire, sanafunse. Dona anadya. Nyalugwe anadya, n'kufunsa ngati pali mchere. Ng'azi anali nawo m'thumba. Katumbu sanapatsidwe ngakhale limodzi, ndipo akanapatsidwa sakanalimeza.

Mbalame sizinachedwe. Tsiku lomwelo a Tsekwe, a Vuwo ndi a Fulagombe anapita kwa Nkhwazi, mkulu wa mbalame zonse za mumtsinje. Nkhwazi anatengera mlandu kubwalo. Bwalo lake liti? La Bwana Nyalugwe, nanga lina linalipo? Katumbu anaitanidwa.

Akupita kumlandu, anapeza Ng'azi atakhala pa mwala m'mbali mwa njira, akuwothera dzuwa.

"Alamu, mukanena chiyani?"

"Zoona."

"Zabwino kwambiri. Yambani mwandiuza ine, ndimve mmene zikumvekera."

"Kuti munaba mazira ndinu."

"Eya. Ndiye akafunsa kuti mazirawo ali kuti. Mukaloza pati? Ena ali muno," anasisita mimba yake. "Nanga ena aja? Ali m'mimba mwa amene akukaweruzayo. Ndi mwa Dona. Mukaimirira pamaso pa mbalame zonse n'kunena kuti woweruza wa dziko lino anadya ana a Fulagombe, ndi mchere?"

"Iwo sanadziwe."

"Mukawauze ndinu kuti sanadziwe, muone ngati akakuthokozeni. Zikhadabo zija munaziona pa mtengo. Ana anu paja ndi angati? Anayi?"

Katumbu anaima.

"Ine ndimakukondani, alamu, n'chifukwa chake ndakudikirani padzuwa pano. Kakhaleni chete. Sakakuphani. Wovomera samupha, amangomulanda. Akalanda bwato basi. Ine ndikapempha kuti ndilisunge, lisapite kwa mlendo. Madzi akadzakwera, mbalame zitaiwala, ndidzakubwezerani padoko pomwe paja, ndi nkhafi yomwe. Pali malemu mayi anga."

"Mudzabweza?"

"Ine bwato ndipita nalo kuti? Kupalasa kumene sinditha."

Kubwalo kunadzaza. Mbalame mbali imodzi, nyama mbali ina, Nyalugwe pampando, Dona pambali pake ndi nthenga yofiira pachipewa. Ng'azi anakhala pa benchi ya akuluakulu, mchira atauzinga pansi pake.

Anayamba Mayi Tsekwe. "Ife wakubayo sitinamuone, bwana. Koma amene anatidzutsa pa mazira athu tinamumva. Mawu ake ndingawadziwe ngakhale nditagona. Ndi uyu."

"Ndi yemweyo," anatero a Vuwo. "Anatinyoza kuti tinathothoka nthenga. Ine ndi ukalamba wangawu ndinauluka. Pobwera, dzira palibe."

"Pamchenga munapezapo mapazi?" anafunsa Nkhwazi.

"Mapazi ayi. Mzere wokha, umodzi, kuchokera kumadzi mpaka ku zisa."

Ng'azi anaimika dzanja. "Bwana, ine monga kapitawo wa padoko ndinakauona mzerewo. Zikundiwawa, pakuti awa ndi alamu anga. Koma mzere wotero ndimauona tsiku ndi tsiku. Umatsala munthu akamayenda akukoka nkhafi pambuyo."

Bwalo linang'ung'udza. Koma Nkhwazi sanali wogona. Anatembenukira kumpando.

"Bwana, mundikhululukire. Inu munali momwemo masiku atatu onse. Amene ankatsika m'bwato ndani?"

"Ine ndinkayang'ana kumwamba," anatero Nyalugwe. "Ndinapitira mbalame, sindinapitire kulondera antchito."

"Nanga Dona?"

"Kapitawoyu ankatsika pa zifukwa zomveka, ankachita kutsanzika. Koma wopalasayo anali kumbuyo kwanga. Nkhope yake ndikuionera pano. Akanatha kutsika ndi kukwera kakhumi, ine osadziwa."

"Chondivuta n'chimodzi," anatero Nkhwazi. "Ngati ankaimba, ankakumba nthawi yanji? Mayi Fulagombe, tafotokozani, mazira anu ngotani? Mwina wina anawaona."

Mayi Fulagombe anabwera kutsogolo, kambalame kakang'ono. "Ndi ang'onoang'ono, oyera, obulungira. Munthu wosadziwa angati ndi a nkhunda."

Dona anatsamwa. Anatsokomola, n'kugwira pakhosi, dzanja lina likuchotsa nthenga ija pachipewa mwakachetechete. Nyalugwe anayang'ana Ng'azi. Ng'azi anayang'ana Nyalugwe, mwaulemu, maso osaphethira. Anamvana pomwepo, osalankhula.

"Mafunso akwana," anatero Nyalugwe. "Dzuwa likutentha. Iwe wopalasa, imirira. Bwato limene linkaima pa milu itatu ija n'la yani?"

"N'langa, bwana."

"Mawu amene anadzutsa mbalame nga yani?"

"Ndi anga, bwana."

"Nkhafi?"

"Ndi yanga."

"Uli ndi chonena?"

Katumbu anayang'ana Nkhwazi, amene ankamudikira ndi maso akuti nena, nena. Anayang'ana dzanja la woweruza lili pa mkono wa mpando. Anayang'ana kumbuyo, kumene kunali mkazi wake ndi ana anayi atandondozana.

"Ndilibe, bwana."

"Basi. Wavomera yekha. Bwato lalandidwa, ndi nkhafi yomwe. Mlandu watha."

"Nanga mazira athu?" anakuwa a Vuwo.

"Mudzaikira ena chaka chamawa. Ndati watha."

Ng'azi anavula chipewa. "Bwana, bwato likangokhala padzuwa limang'aluka. Mundilole ndilisunge, lizikhudzako madzi."

"Lisunge."

Potuluka, Mayi Fulagombe anatera patsogolo pa Katumbu. Sanatukwane. Anangoti, "Ndinkakonda mawu anu, bambo. Ndinkauza ana anga ali m'mazira kuti tamverani, akudutsa a Katumbu." Kenako anamulavulira pa phazi n'kuuluka.

Sipanathe sabata, bwato linali pamadzi. Ng'azi kumutu, alendo pakati, kumbuyo kuli Chule ndi nkhafi ya Katumbu. Chule kupalasa sankadziwa, bwato linkayenda chammbali ngati nkhanu, koma anali ndi mawu aakulu, ndipo Ng'azi ankafuna mawuwo. Pa milu itatu ija mbalame sizinkadzukanso. Ndiye ankangoipitirira, kupita kumunsi kumene mbalame zake zinali zisanamve kanthu. A Mbuzi ndi a Nkhuku ankaima padoko ndi makasu awo mpaka dzuwa kufika pamutu. Ng'azi anawauza kuti bwatolo tsopano si la katundu.

Katumbu anabwerera ku zimene anasiya ali mnyamata, kumira pansi kufuna nkhanu ndi tinsomba ta m'matope. Chifuwa chinali chitakalamba, sichinkasunganso mpweya. Anayesa kufuna mtengo wina wa mbawa woti aseme, koma ya pafupi ndi madzi inali itatha, ndipo ya kuphiri akanaikoka ndi ndani? Amene ankawawolotsa aja ankatembenuza nkhope akakumana naye, kuopa kuoneka ali limodzi ndi wakuba mazira.

Mvula inagwa, madzi anakwera. Katumbu anapita padoko.

"A kapitawo, madzi akwera."

"Akweradi, alamu, koma akwera mopitirira. Ndikupatseni lero, mukamire nalo, ana anu adzanditukwane? Atsike kaye pang'ono."

Madzi anatsika. Anapitanso.

"A kapitawo, atsika."

"Mwafika mwezi woipa. Bwana ali ndi alendo ochokera kutali, aphungu a mfumu. Ndikawauze kuti bwato latengedwa ndi munthu amene anamuweruza okha? Dikirani apite."

Alendo anapita, anabwera ena. Chaka chinatembenuka, madzi anakweranso. Katumbu anapita kachitatu. Anapeza bwato alipaka utoto wobiriwira, aikamo mipando ndi denga la nsalu. Ng'azi anali atanenepa moti khosi silinkaonekanso.

"A kapitawo, ndabwerera bwato langa."

"Bwato liti?"

"Limene ndinasema ndi manja awa. Limene munalumbira kuti mudzabweza."

"Ndinalumbira? Panali ndani?"

"Tinali awiri. Munatchula malemu mayi anu."

"Mayi anga ali moyo, bambo, ali kumudzi akudya bwino. Mwina munalankhula ndi ng'azi wina, tilipo ambiri." Sanatinso alamu. "Ine bwato ili ndinapatsidwa ndi bwalo, pamaso pa anthu. Ngati muli ndi dandaulo pitani kubwalo komweko. Woweruza mukumudziwa."

"Ndikanena zonse. Ndikanena za chipewa chija, ndi mchere."

"Kaneneni. Anakufunsani ngati muli ndi chonena, inu munati mulibe. Mbalame zonse zinamva. Lero mukati chabwera kuchokera kuti?" Anatembenuka. "Chule! Kankha, alendo akupsa ndi dzuwa. Bambo, tapatukani, mukununkha matope."

Katumbu anapatuka. Anapita kwa Nkhwazi. Nkhwazi anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndinakuyang'ana tsiku lija. Ndinakudikira. Pano ndikuthandize bwanji?" Anapita kwa Chule kukamuchenjeza. Chule anati, "Nsanje imeneyo, madala. Ine dengu ndikulandira."

Nthano yanga ndaitula apa, amene akufuna yokoma akafunse kwa ena. Madzi akwera ndi kutsika kasanu ndi kawiri kuchokera tsiku la mlandu. Katumbu akadali moyo, akadamira m'matope. Ng'azi sanabweze bwato.